Ndinawongola galimoto ya bambo anga, tsopano asiya kujambula

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 38, ndili pabanja, ana awiri, ndipo ntchito yanga ndi ya umakaniko. Musadabwe, tilipo. Pagalaja pathu ine ndi amene ndimawongola matayala, ija timati alayimenti, komanso ndimaona za masipuling'i ndi mashoko. Galimoto ikamayenda chammbali ngati nkhanu, kapena ikamadya tayala mbali imodzi, amaitana ine. Ndayamba dala ndi zimenezi kuti mudziwiretu kuti ine chinthu chopendekeka chimandiyabwa m'maso. Ngakhale kalendala ya m'nyumba ya eni ndimaiwongola mwininyumba akangotuluka kukanditengera madzi akumwa.

Nkhani imene yandiimika mutu ndi ya bambo anga. Sanandikalipire, sitinakangane, ndipo akadzuka amandipatsa moni bwinobwino. Koma papita masabata atatu chisiyireni kujambula, ndipo zikuoneka kuti wawasiyitsa ndine, ngakhale sindikudziwa kuti ndinalakwa pati penipeni.

Ndiyambire kumayambiriro. Mayi anga anamwalira zaka ziwiri zapitazo. Anali telala, mayi wathupi ndithu, wodzaza pakhomo, woseka mpaka aneba kufunsa kuti kwagwanji. Analinso munthu wa phuma. Ankatseka chitseko asanamalize n'kulowa komwe, moti madiresi awo onse anali ndi mpendero wothimbirira mbali imodzi, telala wathunthu! Tili ana, bambo ankawaperekeza m'mawa uliwonse pagalimoto kukawasiya pakhonde pomwe ankasokera, makina osokera ali pamiyendo chifukwa ankakana kuti aikidwe kumbuyo, ati angagubuduke. Akawatsitsa, bambo ankapitirira ku ntchito yawo ya ukalaliki. Anachita zimenezo zaka khumi ndi ziwiri, ndimamva choncho.

Mayi atapita, tinawatenga bambo kuti tizikhala nawo. Tinawapatsa chipinda chakumbuyo, chokhala ndi windo loyang'ana kumpanda. Aphungu, chaka chathunthu munthu anangokhala pampando pawindo limenelo. Wailesi osayatsa, ndevu osameta, chakudya kungotomola. Ukawafunsa kuti muli bwanji, ankangoti, "Tilipo." Buluku linayamba kugwa m'chiuno, ndinaboola lamba kawiri ndi nsonga ya msomali. Ndinkaopa kuti mpando umenewo uwatenga tikuona.

Tsono ine chiyambire kusukulu ndimakonda kujambula magalimoto ndi pensulo, kungosangalatsa mtima. Tili ndi kagulu kathu, anthu asanu ndi atatu, timakumana Loweruka lililonse masana kuchipinda chakumbuyo kwa shopu ina ya fotokope. Palibe katswiri, tonse ndife ongoyesa. Muli bambo wina woyendetsa basi amene amajambula mabasi okhaokha, timangomuti Wabasi. Muli Mlonda, amene amajambula magalimoto ampikisano omwe sanawaonepo ndi maso chibadwire. Wotitsogolera ndi Aphunzitsi, anapuma pantchito, ankaphunzitsa zojambula mapulani, ndipo lula sichoka m'thumba la malaya awo.

Malamulo athu ndi awiri. Loyamba, chithunzi cha mnzako sukhudza ndi pensulo. Timachikhoma pabolodi, pamwamba pake n'kuikapo pepala lopyapyala loonekera mkati, ndipo aliyense woona cholakwika amalemba papepala lopyapyalalo. Lachiwiri, mwini chithunzi sayankhula mpaka onse atamaliza kudzudzula. Aphunzitsi amati ukamulola munthu kudziteteza, saphunzira kanthu.

Loweruka lina ndinawakoka bambo kuti angopitidwako mphepo. Anakhala pakona, chipewa pabondo. Tikubwerera kunyumba ndinangomva, "Sipanala, mapepala aja amagulitsa pashopu pomwe paja?" Sipanala ndi dzina limene anandipatsa ndili wamng'ono, chifukwa chomasula chilichonse m'nyumba. Anali atatha chaka osanditchula choncho. Ndinayang'ana kumbali kuti asaone misozi.

Kuyambira pamenepo munthu anadzuka. Anameta ndevu. Anakokera katebulo pawindo paja, anapeza kachitini kosungira mapensulo, akumawasongola ndi lezala mosamala ngati akuchita opaleshoni. Amuna anga tsiku lina anabwera kukhitchini akuyenda chonyang'ama, amvekere, "Tamvera, madala akuimba mluzu." Tinaima pamenepo anthu awiri akuluakulu, kumvetsera mluzu.

Koma bambo amajambula galimoto imodzi yokha, ija tinali nayo kale, yobiriwira, yaitali kumbuyo. Anaigulitsa ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, choncho ine sindiikumbuka kwenikweni, kupatula fungo la mipando ndi la mafuta a makina osokera. Amaijambula ikuoneka chakutsogolo, mbali ya kumanzere, mbali ya wokwera. Ndipo amaitha, Aphungu, sindikuwakometsera chifukwa ndi bambo anga. Nyali, bampala yophwanyika pakona, dzimbiri la pansi pa chogwirira, zonse zimatuluka. Magalasi amawadetsa bwino ngati dzuwa likuwala pamenepo, moti m'kati simuoneka. Anthu sajambula. Ndinawafunsapo, anati, "Anthu amandikanika, nkhope zimatuluka ngati mbatata."

Zolakwika zinali ziwiri, ndipo zinali zomwezomwezo nthawi zonse. Galimotoyo imapendekera kumanzere, tayala lakutsogolo kulowa m'kati mwa bodi pafupifupi theka. Ndiye pansi pa chitseko chakutsogolo pamakhala kanthu kena kokhotakhota, kolendewera, ngati pensulo inaterereka dzanja litanjenjemera.

Tsiku loyamba kukhoma chithunzi chawo pabolodi, anthu anaombera m'manja. Kenako Aphunzitsi anatulutsa lula, n'kulemba mzere wowongoka papepala lopyapyala lija. "Bambo, nthaka ili apa, galimoto yanu ili apa. Imodzi mwa ziwirizi ikunama." Wabasi anati, "Imeneyi ikakhota pakona igona, ine sindingakwere." Mlonda anazunguliza kanthu kolendewera kaja, amvekere, "Apa pensulo inathawa, madala, labala alipo." Inenso ndinalembapo zanga, ndinaonetsa pomwe tayala liyenera kukhala. Bambo anakhala chete monga mwa lamulo. Onse atamaliza, Aphunzitsi anati mwini chithunzi ayankhule. Bambo anatsegula pakamwa, anayang'ana pepala lodzaza mizere ya anthu asanu ndi atatu lija, n'kungoti, "Zikomo, ndamva."

Sabata yotsatira anabwera ndi china. Chokongola kuposa choyamba, koma chopendekeka chimodzimodzi, kanthu kaja kali pomwepo. Tinadzudzulanso. "Zikomo, ndamva." Aphungu, kakhumi ndi kamodzi! Anthu anafika poyamba kuseka akangoona bambo akutulutsa pepala m'chikwama. Wabasi anaipatsa dzina galimotoyo, ati Chidakwa. Bambo ankamwetulira nawo pang'ono, ine manyazi ali tho.

Ndinayamba kuda nkhawa kuti mwina ndi matenda. Munthu wamkulu akamaona zinthu mopendekeka, umaganiza zambiri. Ndinapita nawo kukayezetsa maso. Adokotala anati, "Ndi magalasi awowa, bambowa akhoza kulowetsa ulusi pasingano." Ndinapita nawo kukayezetsa magazi ndi mitsempha, zonse zili bwino. Ndinafika pobwereka levulo ya amisiri omanga nyumba, ija yoonera ngati chinthu chapendekeka, n'kukaiika patebulo lawo iwo ali kubafa, kuti mwina tebulo ndilo lopendekeka. Tebulo lili bwinobwino. Mpando ndinauyezanso, musandiseke.

Chimene chinandibalalitsa kwambiri ndi ichi. Aneba athu ali ndi kalole kakang'ono konyamulira njerwa, ndipo anawapempha bambo kuti awajambulire. Bambo anakhala panja tsiku limodzi n'kukajambula. Ndinapita nacho kugulu chithunzicho. Aphunzitsi anaika lula uku ndi uku, anavula magalasi, anati, "Ichi ndiye chilibe polemba." Chowongoka ndendende, matayala onse anayi pansi, popanda kanthu kolendewera. Ndiye kuti dzanja lawo limatha. Nanga n'chifukwa chiyani yathu ija imapendekeka? Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndi makani a ukalamba, kapena akuchitira dala kuti andipsetse mtima poti amadziwa mmene ndilili.

Mwezi watha mwini shopu ya fotokope anatiuza kuti watipatsa khoma la kutsogolo, kumene kumalowera makasitomala, kuti aliyense apachikepo chithunzi chimodzi kwa mwezi wathunthu, dzina lake pansi. Aphunzitsi anandikokera pambali, anati, "Pa tonsefe, wodziwa kudetsa ndi kuwalitsa ndi bambo anu. Koma Chidakwa chija chikapita pakhoma chili chipendekekere, anthu ati gulu lonse silidziwa nthaka. Yankhulani nawo, ndinu mwana wawo."

Sindinachite kuyamba ndine. Lachinayi m'mawa, ndisanapite kuntchito, bambo anandiitana kuchipinda kwawo. Patebulo panali chithunzi chachikhumi ndi chiwiri, chimene anakhala akuchijambula masabata awiri, chokongola kuposa zonse. Anati, "Sipanala, iwe ndiwe wodziwa magalimoto. Anzako aja amangoti yapendekeka, yapendekeka. Iweyo ukaiona galimoto imeneyi, ukuona chiyani? Undiuze zoona."

Ndinawauza zoona. Ndinati bambo, mbali iyi yatsika kwambiri, iyenera kukwera kufika apa, ndipo kanthu aka kakuipitsa chitseko. Anayang'ananso chithunzicho. Kenako anati, "Basi? Palibenso china chimene ukuona?" Ndinati ayi, zina zonse zili bwino kwambiri. Anagwedeza mutu, anakankhira pepalalo kwa ine pang'ono, n'kutenga thaulo kupita kukasamba.

Ine ndinamva ngati akuti konza. Mpaka lero sindikudziwa ngati ankatanthauza zimenezo. Pepala lopyapyala lija linali litatha m'nyumba. Ndinati aaa, si bambo anga omwe, ndipo andikankhira okha. Ndinatenga labala. Ndinafufuta mbali yonse ya kumanzere, ndinaikweza, ndinajambulanso tayala pamalo pake, ndipo kanthu kolendewera kaja ndinakachotseratu. Ndinaswa lamulo lathu loyamba, ndikuvomera. Koma Aphungu, galimoto inaima bwino ngati yangotuluka kumene m'manja mwanga kugalaja. Ndi chisangalalo ndinaijambula pafoni n'kutumiza kugulu lathu la pafoni, ndisanaganize n'komwe.

Bambo atabwera kosamba anaima kumbuyo kwanga. Anavala magalasi, anayang'ana, anavula, anapukuta, anavalanso. Kenako anati, "Galimoto yokongola. Ndi ya ndani?"

Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Iwo sanaseke. Nthawi yomweyo foni yawo inayamba kulira patebulo, mauthenga a kugulu. Wabasi analemba kuti, "Chidakwa chasiya mowa!" Mlonda anati, "Madala atsegula maso tsopano." Aphunzitsi anati, "Ichi ndiye chikwera pakhoma." Bambo anawerenga onsewo, mmodzimmodzi, n'kuika foni chafufumimba.

Nditaweruka kuntchito tsiku lomwelo, ndinawapeza akundidikira pakhomo la khitchini, kachitini ka mapensulo kali m'manja. Anati, "Tengani, amakaniko. Inu ndi amene mumadziwa ntchito yake." Amakaniko! Inu! Munthu amene wanditcha iwe Sipanala moyo wanga wonse. Kuyambira tsiku limenelo katebulo anakabweza kukhoma, mpando uli pawindo, ndevu zayambanso kumera, ndipo mluzu sitinaumvenso. Dzulo mbale yawo inabwerera kukhitchini momwe inapitira.

Ndapepesa, musaganize kuti sindinapepese. Ndinagwada n'kunena kuti bambo, ndinalakwa kugwira chithunzi chanu. Anati, "Palibe cholakwa, mwakonza bwino." Ndiye munthu upitiriza bwanji pamenepo? Amuna anga akuti anthu akamakula amasanduka ana, ndingowagulira mapensulo atsopano okongola aiwala. Achimwene anga pafoni akuti ine ndine wolamula kuyambira kale, ndinkawongola ngakhale makolala a alendo. Aphunzitsi akuti wakutsina khutu ndi mnansi, wojambula wosafuna kudzudzulidwa asiye pensulo, ndipo akufuna yankho pofika Loweruka likubwerali ngati apachike chokonzedwacho, dzina la bambo pansi pake.

Mutu wanga sukugwira, Aphungu. Munthu anandipempha yekha kuti ndimuuze zoona, ndinamuuza. Anapirira kudzudzulidwa ndi anthu achilendo kakhumi ndi kamodzi osakhumudwa, koma mwana wake kungokonza kamodzi, basi wasiya zonse. Kodi chawapweteka ndi labala, kapena mauthenga a pafoni aja, kapena pali china chimene sindikuchiona? Chithunzicho ndilole chipachikidwe, mwina akachiona pakhoma anthu akuchiyamikira mtima ubwerera? Kapena inenso ndingosiya kujambula kuti tifanane? Sindikufuna kupambana mlandu. Ndikungoopa mpando uja, chifukwa ulendo woyamba unatsala pang'ono kuwatenga, ndipo ulendo uno wawakhazikapo ndine.

N.C., wa m'tauni muno

*

Zikomo mayi N.C.,

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo ndikuuzeni mosapsatira, yankho mwalilemba nokha, kungoti mwalimwaza m'ndime zosiyana. Tiyeni tilitolere.

Ndikufunseni funso la kuntchito kwanu. Mawa kugalaja kutabwera galimoto yakale yopendekera kumanzere, tayala lakutsogolo litalowa m'bodi, mungati chiyani? Mungapite nawo eni ake kukayezetsa maso? Mungakaike levulo pansi pa galaja? Ayi. Mungati sipuling'i ya mbali iyi inafa, ndipo mungafunse kuti kodi mbali imeneyi mumanyamula chiyani tsiku ndi tsiku. Pagalaja mumafunsa. Papepala simunafunse, munathamangira labala. Paja amati safunsa anadya phula.

Tsopano werenganinso zimene mwandilembera za mayi anu. Mayi wathupi, wodzaza pakhomo. Makina osokera pamiyendo. Mpando wakutsogolo, mbali ya wokwera, m'mawa uliwonse kwa zaka khumi ndi ziwiri. Inu amakaniko, sipuling'i ya mbali imeneyo ingakhale bwanji? Mwandiuzanso kuti ankatseka chitseko asanamalize kulowa, ndipo madiresi awo onse anali ndi mpendero wothimbirira mbali imodzi. Mpenderowo unkathimbirira kuti? Unkakhala kunja kwa chitseko, ukulendewera, ukumwa fumbi la mumsewu. Ndiko kanthu kokhotakhota kamene Mlonda wanu anati pensulo inathawa.

Ine sindinawaonepo bambo anu, ndipo mwina ndikuphonya. Koma munthu amene anajambula kalole ka aneba kowongoka mpaka Aphunzitsi kusowa polemba, sangalakwitse malo amodzimodzi kakhumi ndi kawiri. Anakuuzani okha kuti anthu amawakanika. Nkhope ya akazi awo sangaithe, ndiye anawajambula m'njira imene akanatha, kulemera kwawo ndi nsonga ya diresi lawo. Magalasi amawadetsa kuti pasafunike nkhope. Inu mumati bambo amajambula galimoto imodzi yokha. Ine ndikuti amajambula m'mawa umodzi wokha, akazi awo atakhala pambali pawo.

Mwafunsa chifukwa chimene anapirira alendo koma osapirira inu. Alendowo mayi anu sanawadziwe, ndiye kuseka kwawo kunalibe mano. Inu munakwera galimoto imeneyo. Lachinayi lija sanakufunseni kuti chalakwika n'chiyani, onaninso mawu amene mwalemba. Anati ukuona chiyani. Anafunsanso kachiwiri, palibenso china? Ankafuna kuti mwa anthu onse, mmodzi yekha, mwana wawo, ati aa, awa si amayi awa? Pokankhira pepala kwa inu, ndikuganiza kuti ankati tayang'anitsitsa. Atabwera kosamba anapeza mwawatsitsa mayi anu m'galimoto, ndipo gulu lonse likuombera m'manja.

Musadzimenye mopitirira. Munali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, munkakhala kumbuyo, ndipo galimoto yopendekeka suiona uli m'kati. Ndinu yemweyo amene munawachotsa bambo anu pampando ulendo woyamba. Simunachite mwankhanza, munachita mwaphuma. Kumeneko mwatengera mayi anu.

Nazi zoti muchite. Lero lomwe imbirani Aphunzitsi, muwauze kuti chokonzedwacho chisapachikidwe. Si cha bambo anu, iwo anafunsa kale kuti ndi cha ndani, ndipo kuika dzina lawo pansi pake kungakhale kuwanamizira pagulu. Chifukwa chake musawafotokozere Aphunzitsi panopa. Nkhani ya mayi anu ndi ya bambo anu, aiulule okha akafuna. Chithunzi chija cha pafoni chichotseninso, ndipo mulembe mawu ochepa kuti amene anasintha ndinu, osati iwo.

Mapensulo atsopano musagule, amuna anu andikhululukire. Bambo anu sanasowe pensulo. Inunso musasiye kujambula, chifukwa nyumba ya anthu awiri okhala pawindo ndi yoipa kuposa ya mmodzi. Kupepesa kwachiwiri kofanana ndi koyamba sikuthandizanso. Munapepesa chifukwa chogwira pepala, pomwe bala lili pena, n'chifukwa chake anakuyankhani mwaulemu ngati mlendo.

M'malo mwake, sankhani nthawi imene m'nyumba muli phee, ana ali kusukulu. Pemphani kuti akuonetseni chimodzi mwa zithunzi khumi ndi chimodzi zakale zija. Khalani pansi pafupi nawo, manja anu akhale pamiyendo, asayandikire pepala. Ndiye mufunse funso limene mukanafunsa kasitomala aliyense: bambo, sipuling'i ya kumanzereyi inafa liti? Mukafunsa, tsekani pakamwa. Kugulu kwanu mwini chithunzi amakhala chete ena onse akuyankhula. Tsiku limenelo mutembenuze lamulolo. Akakhala chete mphindi zisanu, inunso khalani chete mphindi zisanu. Akayamba kufotokoza, musawathandize kumaliza ziganizo. Akalira, musathamangire kukatenga madzi, lirani nawo, mayiwo analinso anu.

Kachitini ka mapensulo musawapatse m'manja, angakane chifukwa cha ulemu wawo. Pakapita tsiku kapena awiri, kakaikeni patebulo pawo mwakachetechete, labala mutachotsamo. Tebulolo musalikokere pawindo, adzalikoka okha.

Chithunzi chimene munafufuta musayese kuchibwezeretsa. Ndikukudziwani kale, mukhala pansi ndi lula kuti muipendeketse galimotoyo molondola, ndipo mulakwitsanso kachiwiri. Madzi akatayika sawoleka. Chisungeni. Akadzachifuna adzanena, ndipo akadzafuna kupachika china pakhoma, chikhale chopendekeka, chosankha okha.

Kugulu kwanu ndili ndi mawu amodzi. Kudzudzulana n'kwabwino, ndipo pepala lopyapyalalo ndi nzeru. Zoona, wakutsina khutu ndi mnansi, koma mnansi weniweni amayamba wafunsa asanatsine. Anthu asanu ndi atatu analemba mizere masabata khumi ndi limodzi, palibe ndi mmodzi yemwe amene anati bambo, n'chifukwa chiyani mwaijambula chonchi? Pofika nthawi yoti mwini chithunzi ayankhule, mlandu unali utagamulidwa kale, ndiye akananenanso chiyani kuposa zikomo ndamva? Kawapempheni Aphunzitsi kuti lula isanatuluke m'thumba, mwini chithunzi azifunsidwa funso limodzi lokha: mwafuna kutionetsa chiyani? Sizichotsa ulemu wa lula.

Za chakudya musazengereze. Ngati mbale zipitiriza kubwerera zodzaza sabata ino, pitani nawo kuchipatala, ndipo ulendo uno mukanene za mtima wosweka, osati za maso. Achimwene anu nawonso asangoweruza pafoni, abwere adzawaone bambo awo.

Chenjezo langa ndi ili. Musalowe m'chipindamo mukuthamanga ndi kalata yangayi, muli bambo ndadziwa, ndadziwa, ndi amayi! Mukatero mwawakonzeranso chithunzi kachiwiri. Mwina zimene ndanenazi n'zoona, mwina nkhani ya kupendekekako ndi ina imene ine ndi inu sitikuidziwa. Mwini wake alipo, ali pawindo, ndipo wakhala akudikira kufunsidwa kuyambira Loweruka loyamba lija. Musayembekezerenso kuti atcha Sipanala tsiku lomwelo, dzina limenelo linatenga chaka kuti libwere.

Ntchito yanu ndi yowongola magalimoto, ndipo ndikukhulupirira kuti mumaitha. Koma iyi yokha isiyeni ipendekeke. Mayi anu sanatsike.

Aphungu